Masiku khumi amene Papa anafufuta pa kalendala

Teresa wa ku Ávila, sisitere wotchuka wa ku Spain, anamwalira usiku wa pa 4 Okutobala 1582 m'tauni ya Alba de Tormes, ndipo anamuika m'manda kutacha. Koma tsiku la malirowo linali 15 Okutobala. Sikuti thupi linagonera m'nyumba sabata ndi theka ayi, komanso mlembi sanaphonye. Usiku umenewo anthu a ku Spain, Portugal, Poland ndi madera ambiri a Italy anagona Lachinayi pa 4, n'kudzuka Lachisanu pa 15. Kumayiko amenewa masiku a 5 mpaka 14 Okutobala 1582 kulibeko. Palibe anabadwa pa masikuwo, palibe anamanga ukwati, palibe analandira malipiro. Mpaka lero Akatolika amakumbukira Teresa pa 15 Okutobala.

Kalendala ija timalandira kutchalitchi kapena kugolosale mu Disembala n'kukapachika pabalaza inayamba kugwira ntchito m'mawa umenewo. Masamu ake anali olondola, ndipo akatswiri ambiri, ngakhale odana ndi Papa, ankadziwa zimenezo. Komabe England inatha zaka 170 ikuikana, pomwe Russia inadikira zaka 336. Cholakwika chomwe kalendalayi inabwera kudzakonza n'chaching'ono moseketsa mukachiyerekeza ndi phokoso lomwe chinabala.

Nyengo za chaka zimatenga masiku 365, maola 5, mphindi 48 ndi masekondi pafupifupi 45 kuti zizungulire n'kubwerera pomwe zinayambira. Chiwerengero chimenechi sichigawika bwino. Julius Caesar, mothandizidwa ndi Sosigenes wa ku Alexandria, anangoti chaka chikhale cha masiku 365 ndi maola 6, ndipo kalendala yake inayamba m'chaka cha 45 Yesu asanabadwe. Maola 6 kanayi ndi tsiku lathunthu, n'chifukwa chake chaka chachinayi chilichonse Febuluwale amawonjezeredwa tsiku. Zinali zanzeru ndithu, koma chaka cha Caesar chinatalika ndi mphindi 11 ndi timasekondi pang'ono. Zili ngati venda wogula chimanga ndi ndowa yokulirapo pang'ono: pa ndowa imodzi simungadandaule, koma mukamugulitsa nkhokwe yonse mumazindikira kuti thumba lapita. Mphindi 11 zimenezi zimakwana tsiku lathunthu pakatha zaka pafupifupi 128.

Mlimi sizinkamukhudza. Iye amayang'ana mitambo ndi mitengo, osati pepala, ndipo palibe munthu amakhala ndi moyo nthawi yokwanira kuti aone tsiku limodzi likuterereka. Amene zinkawasowetsa tulo ndi a mpingo, chifukwa cha Pasaka.

Khirisimasi ili ndi tsiku lake lokhazikika, koma Pasaka imayenda. Lamulo lomwe mpingo unkatsata, lomwe unkalilumikiza ndi msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea wa chaka cha 325, linali lakuti Pasaka ikhale Lamulungu loyamba pambuyo pa mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa tsiku limene usana ndi usiku zimalingana kutalika mu Malichi. M'zaka za Nicaea tsiku limenelo linkagwa cha pa 21 Malichi, choncho analikhomera pomwepo. Ansembe sankatuluka panja kukayang'ana mwezi. Ankatsegula buku, momwe munali matebulo ozikidwa pa mfundo yakuti zaka 19 zimafanana ndi miyezi 235 ya kumwamba. Nayo mfundoyi imaphonya, ndi tsiku limodzi pa zaka zoposa pang'ono 300.

Pofika m'ma 1500 zolakwika ziwirizi zinali zitakula. Tsiku lolingana usana ndi usiku linali likufika cha pa 11 Malichi pomwe buku linkati 21. Mwezi unkaoneka kumwamba masiku pafupifupi anayi buku lisanavomere kuti waoneka, ndipo izi aliyense wamaso ankadzionera yekha madzulo. Pasaka ikasokonekera, zambiri zimasokonekera nayo limodzi: Lachitatu la Phulusa, masiku 40 osala a Lenti pomwe nyama inali yoletsedwa ndipo maukwati ankayamba aima, Kukwera Kumwamba, Pentekoste, ngakhale nthawi za misika ikuluikulu ndi za makhoti. Kwa munthu wa nthawi imeneyo, kudya nyama tsiku lomwe pamaso pa Mulungu ndi losala sinali nkhani ya masewera.

Chimene ine ndimachiona chachisoni n'chakuti vutoli linadziwika kale kwambiri. Cha m'ma 1267 Roger Bacon, wansembe wa chipani cha Afransisko wa ku England, analembera Papa Clement IV kudandaula kuti ophunzira a zipembedzo zina akuona kupusa kwa kalendala ya Akhristu. Misonkhano ya maepiskopi ya ku Constance ndi Basel inakambapo, osachitapo kanthu. Mu 1475 Papa Sixtus IV anaitanira ku Rome katswiri wa zakuthambo Regiomontanus, koma iye anamwalira chaka chotsatira. Msonkhano wachisanu wa Lateran, wa 1512 mpaka 1517, unafunsa maganizo a akatswiri, ndipo m'modzi mwa ofunsidwawo anali Nicolaus Copernicus. Iye mwini, m'kalata yopita kwa Papa Paul III yomwe ili koyambirira kwa buku lake la 1543, akunena kuti nkhaniyi inalephereka chifukwa kutalika kwa chaka ndi kwa mwezi kunali kusanayezedwe mokwanira, ndipo kuti kuyambira pamenepo anaikapo mtima kuyeza zimenezi. Buku lomwe linanena kuti dziko ndi limene limazungulira dzuwa linatuluka likudzionetsa ngati thandizo pa nkhani ya kalendala ya mpingo.

Onani zaka zake. Msonkhano wa Lateran unatsekedwa mu Malichi 1517. Mu Okutobala chaka chomwecho Martin Luther anatulutsa mfundo zake 95 ku Wittenberg. Kalendala ikanakonzedwa mu 1515, Ulaya yense wa kumadzulo akanailandira ngati momwe ankalandirira malamulo ena ochokera ku Rome. Pomwe inkakonzedwa mu 1582 n'kuti nyumba itagawanika kale, ndipo mbali ina sinkafunanso kumva chilichonse chochokera pakamwa pa Papa.

Msonkhano wa ku Trent, womwe unatha mu 1563, unasiyira Papa ntchito yokonza mabuku a mapemphero ndi a Misa, ndipo kalendala inalowera pamenepo. Gregory XIII, katswiri wa malamulo wa ku Bologna yemwe anakhala Papa mu 1572, anakhazikitsa bungwe lotsogozedwa ndi Kadinala Guglielmo Sirleto. Njira yomwe bungweli linasankha sinachokere kwa munthu wotchuka. Anaiganiza ndi Aloysius Lilius, dokotala wa ku Calabria kummwera kwa Italy, yemwe anamwalira mu 1576 osaona zipatso zake. M'bale wake Antonio ndi amene anakapereka zolembazo ku Rome. Mu 1577 chidule chake chinatumizidwa kwa mafumu ndi mayunivesite a Chikatolika kuti apereke ndemanga. Amene anadzasenza udindo woiteteza kwa zaka zambiri ndi Christopher Clavius, Mjezuwiti wa ku Germany wophunzitsa masamu ku Rome.

Mankhwala ake anali a mbali zitatu, ndipo kufufuta masiku khumi inali mbali yophweka. Yachiwiri inali yoletsa vutoli kubwereranso: zaka zothera ndi maziro awiri zisamakhale ndi 29 Febuluwale pokhapokha ngati zikugawika ndi 400. Choncho 1600 ndi 2000 zinali nalo tsikuli, koma 1700, 1800 ndi 1900 zinalibe. Mwanjira imeneyi masiku atatu amachotsedwa pa zaka 400 zilizonse, ndipo chotsalira n'chochepa kwambiri moti chimafuna zaka zoposa 3,000 kuti chikwane tsiku. Yachitatu, yovuta kuposa zonse, inali matebulo atsopano a mwezi, ndipo apa ndi pomwe luso la Lilius linaonekera.

N'chifukwa chiyani masiku khumi, osati khumi ndi awiri kapena atatu, poti cholakwikacho chinayamba nthawi ya Caesar? Chifukwa cholinga sichinali kupanga chatsopano. Ankafuna kubweza zinthu momwe zinalili nthawi ya Nicaea, kuti 21 Malichi akhalenso 21 Malichi wa makolo a mpingo. Okutobala anasankhidwa poti ndi mwezi wopanda zikondwerero zikuluzikulu zambiri. Ndondomeko ya masiku a sabata sanaikhudze, Lachinayi linatsatidwabe ndi Lachisanu. Kalendalayi sinafunenso kuti munthu avomereze kapena akane Copernicus: kaya likuyenda ndi dzuwa kaya dziko, kutalika kwa chaka n'komweko.

Kalata ya Papa yolamula zimenezi inasainidwa pa 24 Febuluwale 1582, ngakhale kuti payokha palembedwa 1581, chifukwa alembi ake ankawerenga chaka kuyambira pa 25 Malichi. Ngakhale za chiyambi cha chaka Ulaya sankagwirizana. Monga mphotho, Antonio anapatsidwa ufulu woti yekha ndiye azisindikiza kalendala yatsopanoyo, koma analephera kukwanitsa makope ofunika, ndipo anamulanda ufuluwo chaka chomwecho.

Papa ankatha kulamula ansembe tsiku lochita Misa ya Pasaka, koma analibe mphamvu pa tsiku lolipira msonkho kapena lotsegulira khoti. Pamenepo pankafunika mfumu ya dziko lililonse. Philip II, yemwe ankalamulira Spain ndi Portugal yomwe, anamvera nthawi yomweyo. France inatsatira mu Disembala, kuchoka pa 9 kulumphira pa 20. Madera a Chikatolika a ku Germany ndi Austria anasintha mu 1583 ndi 1584. Kenako zinaima.

Apulotesitanti anali ndi zifukwa zawo, ndipo sizinali zopusa zonse. Gregory ameneyu ndi yemwe mu 1572, atamva kuti Apulotesitanti zikwizikwi aphedwa ku Paris ndi mizinda ina ya France kuyambira pa tsiku la Bartholomew Woyera, analamula mapemphero othokoza n'kusulitsa mendulo yokumbukira. Papa yemwe Gregory anamulowa m'malo, Pius V, anali atadula Mfumukazi Elizabeth I mumpingo mu 1570 n'kuuza anthu ake kuti asamumvere. Ndiye lero munthu wa mpando womwewo akukuuzani kuti lero si pa 5 koma pa 15. Kuvomera kunkaoneka ngati kuvomereza kuti akadali ndi mphamvu pa inu. Alaliki anatsegula Danieli 7:25, pomwe pakunena za wolamulira woipa yemwe adzayese kusintha nthawi ndi malamulo, n'kuuza mipingo yawo kuti ulosi wakwaniritsidwa.

Akuluakulu amati wamisala anaona nkhondo. Ena mwa Apulotesitanti ophunzira ankaiona mfundo imeneyi. Akatswiri a zakuthambo Tycho Brahe wa ku Denmark ndi Johannes Kepler, onse a Chilutera, anaiyamikira kalendala yatsopanoyo, pomwe mphunzitsi wa Kepler ku Tübingen, Michael Mästlin, anailembera mabuku oitsutsa. Ku England nduna za Elizabeth zinali zokonzeka kusintha. Zinapempha maganizo kwa John Dee, yemwe mu 1583 anati kusintha n'koyenera, koma achotse masiku 11 kuti kalendala ibwerere pa nthawi ya kubadwa kwa Khristu osati ya Nicaea. Mabishopu a Anglican, motsogozedwa ndi Edmund Grindal wa ku Canterbury, anakana, ndipo nkhaniyo inafera pomwepo. Kummawa nako, Patriyaki Jeremias II wa ku Constantinople, mtsogoleri wa mpingo wa Orthodox, anaikana mu 1583.

Kumene zinafika povuta kwenikweni ndi m'mizinda momwe mipingo iwiri inkakhala mumpanda umodzi. Augsburg unali mzinda wamalonda, anthu ake ambiri Alutera koma khonsolo yolamulira ili m'manja mwa Akatolika. Madera ouzungulira, monga Bavaria, anali atasintha, ndipo khonsolo inati mzinda sungakhale ndi masiku a msika osiyana ndi a alimi oubweretsera chakudya. Ganizirani wogulitsa nyama: theka la makasitomala ake layamba Lenti, theka lina likadadya, ndiye atseke liti? Wantchito wa Chilutera kwa bwana wa Chikatolika apume tsiku liti? Mu Juni 1584, abusa a Chilutera atalengeza chikondwerero cha Kukwera Kumwamba motsata kalendala yakale, khonsolo inalamula kuti mtsogoleri wawo Georg Müller atulutsidwe mumzinda. Khamu la anthu linatchinga ngolo yomwe anamukwezamo n'kumulanditsa, ndipo mzinda unatsala pang'ono kugwa m'nkhondo. Pamapeto pake kalendala yatsopano inakhala, abusa angapo anachoka.

Kwa zaka zoposa zana Ulaya anakhala ndi masiku awiri nthawi imodzi. Amalonda ndi akazembe ankalemba deti ngati kachigawo ka masamu, nambala ina pamwamba ina pansi. Pangano la Westphalia, lomwe linathetsa nkhondo ya zaka 30, linasainidwa tsiku lomwe kwa ena linali 14 ndipo kwa ena 24 Okutobala 1648. Mu 1688 William wa ku Orange ananyamuka ku Holland ndi zombo zake pa 11 Novembala n'kukafika ku England pa 5 Novembala, ngati kuti anayenda chobwerera m'mbuyo. Dziko la Netherlands lenilenilo linali logawanika, Holland ndi Zeeland pa kalendala yatsopano, zigawo ngati Utrecht ndi Friesland pa yakale.

Mkati mwa mkanganowu munatuluka chinthu chimene palibe anachikonzera. Pofuna kutsimikiza tsiku lolingana usana ndi usiku, matchalitchi ena aakulu anasandutsidwa zipangizo zoyezera dzuwa. Mu tchalitchi cha San Petronio ku Bologna, Giovanni Domenico Cassini mu 1655 anaboola kabowo padenga, mamita 27 kuchokera pansi, n'kuyala mzere wachitsulo wa mamita pafupifupi 67 pansi pakati pa nsanamira. Dzuwa likafika pamutu, kuwala kolowera pabowopo kumagwa pansi ngati mbale yoyera n'kudutsa mzerewo mwakachetechete. Mu Juni kumagwa pafupi, mu Disembala kumathawira kumapeto kwa mzere. Poyeza kukula kwa mbale ya kuwalayo chaka chonse, Cassini anatha kudziwa momwe mtunda wa pakati pa dziko ndi dzuwa umasinthira, ndipo zomwe anapeza zinagwirizana ndi masamu a Kepler, osati a Ptolemy, katswiri wamakedzana wa zakuthambo, omwe masukulu anawaphunzitsa kwa zaka zoposa chikwi. Izi zinachitika m'tchalitchi, mumzinda wolamulidwa ndi Papa, patangopita zaka 22 kuchokera pomwe Galileo anaweruzidwa ndi khoti la mpingo ku Rome chifukwa chonena kuti dziko limazungulira dzuwa. Amene amakonda kunena kuti mpingo ndi sayansi zinali mphaka ndi khoswe basi, mzere umenewu umawavuta kufotokoza.

Chomwe chinakakamiza Apulotesitanti a ku Germany ndi chaka cha 1700. Kalendala yakale inali ndi 29 Febuluwale chaka chimenecho, yatsopano inalibe, ndiye kusiyana kukanakula kufika masiku 11. Erhard Weigel, mphunzitsi wa masamu ku Jena, anatha zaka akukopa mafumu, ndipo Gottfried Leibniz anamuthandiza. Mu 1699 nthumwi za madera a Chipulotesitanti ku Regensburg zinavomera, ndipo 18 Febuluwale 1700 anatsatidwa ndi 1 Malichi. Denmark ndi Norway zinachitanso chimodzimodzi. Koma anapeza njira yosungira ulemu. Anaitcha kalendala yokonzedwa, osatchula Gregory, ndipo Pasaka anati aziiwerengera ndi matebulo a zakuthambo a Kepler m'malo mwa a Lilius. Zotsatira zake, mu 1724 ndi 1744 Alutera ndi Akatolika a ku Germany anachita Pasaka motalikirana sabata, mpaka Frederick II wa ku Prussia anathandiza kuthetsa kusiyanaku m'ma 1770. Ku Berlin, bungwe la asayansi lomwe Leibniz anayambitsa mu 1700 linkapeza ndalama zake pogulitsa makalendala, poti boma linalipatsa lokha ufulu umenewo. Kuwerenga masiku, komwe kale kunali ntchito ya ansembe, tsopano kunali kudyetsa akatswiri a boma.

Sweden inayesa kuchenjera. Inati m'malo mofufuta masiku onse kamodzi, izingodumpha 29 Febuluwale kwa zaka 40. Inadumpha mu 1700, kenako ili pakati pa nkhondo inasiya kudumpha mu 1704 ndi 1708, n'kukhala ndi kalendala yosafanana ndi ya wina aliyense. Mfumu Charles XII inalamula kubwerera ku yakale, ndipo pofuna kubweza tsiku lija, Febuluwale wa 1712 anapatsidwa masiku 30. Anadzasintha bwinobwino mu 1753.

Britain inasintha kudzera m'nyumba ya malamulo, osati mwa mabishopu. Lord Chesterfield ndi amene anabweretsa biluyo mu 1751, mothandizidwa ndi Earl wa ku Macclesfield komanso James Bradley, katswiri wa zakuthambo wa mfumu. Lamulolo silitchula Papa paliponse. Limakamba za chisokonezo cha madeti polemberana ndi mayiko ena. Lachitatu pa 2 Seputembala 1752 linatsatidwa ndi Lachinayi pa 14, ndipo chiyambi cha chaka ku England chinachoka pa 25 Malichi kupita pa 1 Januwale, zomwe Scotland inali itachita kale mu 1600. Chaka cha 1751 chinangokhala ndi masiku 282. Atsamunda a ku America nawo anakhudzidwa: George Washington, wobadwa pa 11 Febuluwale 1731 mwa kawerengedwe kakale, anapezeka wobadwa pa 22 Febuluwale 1732. Pamamveka nthano yakuti anthu anachita zipolowe kufuna kubwezeredwa masiku awo 11, koma akatswiri a mbiri sanapeze umboni wake m'zolembedwa za nthawiyo. Olemba lamulolo anali ataganizira kale za thumba la munthu: lendi, ngongole ndi msonkho sizinayenera kulipidwa msanga, koma pakatha masiku enieni omwe akanatha pakanapanda kusinthako. Ndiye madeti olipirira anasunthira kutsogolo. Abale athu ogwira ntchito ku Leeds kapena Leicester amene amadabwa kuti chaka cha msonkho kumeneko chimayamba pa 6 Epulo, deti lopanda mutu, akuona chipsera cha 25 Malichi wakale uja.

Pomwe amishoni a ku Scotland ankafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, mkanganowu kwawo unali utaiwalika. Adzukulu a anthu omwe ankati kalendalayi ndi msampha wa Wokana Khristu anaibweretsa kuno ngati chinthu wamba, pamodzi ndi belu ndi sileti. N'chifukwa chake a CCAP, a Anglican ndi Akatolika kwathu kuno amachita Pasaka tsiku limodzi popanda wofunsa kuti anawerengera ndani.

Kummawa nkhani sinathe. Russia inasintha pansi pa boma la Lenin, 31 Januwale 1918 n'kutsatidwa ndi 14 Febuluwale, n'chifukwa chake kulanda boma komwe kumatchedwa kwa Okutobala ankakukumbukira pa 7 Novembala. Greece inasintha mu 1923. Koma awo anali maboma. Mpingo wa Orthodox wa ku Russia ndi ina ingapo ikadagwiritsa kalendala ya Caesar, yomwe tsopano yatsalira ndi masiku 13, choncho 25 Disembala wawo amagwa pa 7 Januwale wathu. Pa Pasaka pafupifupi mipingo yonse ya Orthodox imawerengerabe mwakale, ndipo imakumana ndi ya kumadzulo mwa apo ndi apo, monga zinachitikira pa 20 Epulo 2025, patatha zaka 1,700 chichitikireni msonkhano wa Nicaea. Kusiyanaku kudzakula kufika masiku 14 mu 2100, chaka chomwe lamulo la Lilius lidzadumphe 29 Febuluwale koyamba kuchokera mu 1900. Mwana yemwe adzabadwe pa 29 Febuluwale 2096 adzadikira mpaka 2104, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, kuti aone deti lake lobadwa pa kalendala.